Kodi kamera yakale ya DSLR ndi yoyenera kuigula lero?

Wa ku Chinamwali: Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikujambula ndi foni zithunzi zimene ndimatumiza ku nyuzipepala ku Blantyre, koma tsopano pali munthu wina amene akugulitsa kamera ya DSLR (yokhala ndi kagalasi koonetsera chithunzi m'kati mwake) yotchedwa Canon EOS 5D Mark III, yogwirapo kale ntchito, pamodzi ndi lenzi imodzi. Kamerayi inatuluka mu 2012, ndipo anzanga akuti kuigula ndi kutaya ndalama chifukwa makampani anasamukira ku makamera a mirrorless, opanda kagalasi kameneka. Kodi ndigule, kapena ndipitirize kusunga ndalama?

Bambo wa ku Matawale: Achimwene, mawu akuti "yakale" asakuopseni. Pamene Nyumba ya Malamulo inali kuno ku Zomba, ine ndinkajambula aphungu ndi Nikon ya filimu yotenga zithunzi 36 zokha, ndipo ndikamaliza ndinkathamangira ku depoti kukapereka filimuyo kwa kondakitala kuti ikatsukidwe ku Blantyre, osadziwa n'komwe ngati chithunzi chatuluka bwino kufikira mawa lake. Komabe ife tinali ndi mwayi, chifukwa atolankhani a ku America a m'ma 1940 ankanyamula Speed Graphic, chikamera cholemera cha filimu ya mainchesi 4 ndi 5, chimene babu lake la flash linkapsa likangowala kamodzi. Nikon D1 ya mu 1999, imene inachotsa atolankhani ambiri pa filimu, inali ndi ma megapixel (muyeso wa kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi) 2.7 okha, koma zithunzi zake zinkadzaza tsamba loyamba la nyuzipepala. Yanuyo ili ndi 22. Gulani.

Mayi wa ku Sadzi: Bambo, ndi ulemu wonse, nkhani ya masiku ano si kukula kwa chithunzi ayi, koma changu. Mkonzi amafuna chithunzi pa WhatsApp mwambo usanathe, ndipo kamera imeneyi ilibe Wi-Fi, kotero achimwenewa adzayamba kuchotsa khadi losungira zithunzi ndi kufunafuna chowerengera pamene anzawo atumiza kale. Bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press linasamutsira ojambula ake onse ku makamera a Sony mu 2020, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti amajambula popanda phokoso, chinthu chimene aliyense wojambula pa maliro kapena m'tchalitchi amachimvetsa. Ndiponso Canon imeneyi ikadzawonongeka, ndani adzakupezereni zipangizo zake kuno?

Wa ku Mpondabwino: Ine ndikuona kuti foni yabwino ndi yokwanira. Mu 2013 nyuzipepala ya Chicago Sun-Times inachotsa ntchito ojambula ake onse n'kuuza olemba nkhani kuti azijambula ndi iPhone.

Bambo wa ku Matawale: Zimenezo zinachitikadi, koma cholinga chinali kuchepetsa ndalama za malipiro, osati kuti zithunzi zikongole. Pitani ku Kachulu m'bandakucha mukayese kujambula ndi foni asodzi amene ali pakati pa nyanja ya Chilwa, kapena muyese kugwira wosewera mpira akumenya chigoli inu muli kunja kwa bwalo, mudzaona kuti foni imangotulutsa mbuu. Pa za changu, mayi akunena zoona, ngakhale kachingwe kolumikiza khadi ku foni n'kotsika mtengo. Chimene sanatchule n'chakuti malenzi a EF, mtundu umene kamerayi imagwiritsa ntchito, amagwiranso ntchito pa makamera atsopano a Canon kudzera pa adaputala, choncho ndalama ya lenzi siwonongeka.

Mayi wa ku Sadzi: Pa lenzi ndavomereza. Koma achimwene, musapereke ndalama musanaone kuti shata (kachitseko kamene kamatseguka pojambula) yajambula kangati, pakuti Canon anaipangira zithunzi pafupifupi 150,000, ndipo makamera ambiri obwera kuno anatopa kale pa maukwati a kunja. Muunikenso m'kati mwa lenzi ndi tochi, chifukwa chinyezi cha pansi pa phiri lathuli chimameretsa nkhungu pa galasi, ndipo ine inandiwonongera lenzi imodzi m'dzinja limodzi lokha.

Wa ku Chinamwali: Zikomo kwambiri, bambo ndi mayi. Wogulitsayo wavomera kuti tikumane Loweruka pafupi ndi msika, ndipo ndamuuza kuti abwere ndi batire komanso chaja yake. Bambo, ngati mungapeze mpata, ndikupemphani kuti mudzandiperekeze, chifukwa nkhungu ya mu lenzi sindinaionepo.