Ndithandizeni kuzindikira nsomba ya minga yomwe yapezeka mu utaka kuno ku Kasungu

Moni nonse a pa gulu lino. Mayi a kunyumba amagulitsa nsomba mumsika wa Kasungu, ndipo amaoda kwa amalonda ochokera ku Nkhotakota. Dzulo m'beseni la utaka wauwisi munapezeka nsomba zinayi zomwe ine, amene ndinakula ndikuwedza milamba m'madambo a Bua, sindinazionepo.

Yaikulu mwa zinayizo ndi yotalika masentimita 14. Ilibe mamba, khungu lake ndi loterera, lotuwa, lokhala ndi madontho akuda. Poyamba ndinkati ndi mwana wa mlamba, koma mlamba uli ndi ndevu zisanu ndi zitatu, chipsepse cha pamsana chofika mpaka kumchira, ndiponso mchira wobulungira, pamene iyi ili ndi ndevu zisanu ndi imodzi, mchira wa mphanda, ndi kachipsepse ka mnofu pafupi ndi mchira. Kampango ali nako kachipsepse kotere, koma kukamwa kwake n'kwakukulu, pomwe kakamwa ka iyi n'kakang'ono ndipo kali kunsi kwa mutu. Ndevu zinayi zapansi zili ndi tinthambi ngati mizu ya udzu.

Chomwe chandichititsa kulemba ndi minga yake. Ili ndi munga umodzi pamsana ndi iwiri kumbuyo kwa mutu, uku ndi uku, yokhala ndi timano ngati macheka, ndipo ikatambasuka simungaipinde ngakhale mutakankha ndi chala chachikulu. Mwana wanga wa Fomu 3 walasidwa pachikhatho posankhula utakawo, ndipo dzanja latupa. Iye wafufuza pa Google ndipo akulimbikira kuti ndi nsomba ya banja la Doradidae la ku Amazon, koma ine sindikuona njira yomwe nsomba ya ku South America ingafikire mu ukonde wa ku Nkhotakota. Kodi dzina lake ndi chiyani, nanga imadyedwa?

Yankho loyamba:
Bambo, imeneyo ndi nkholokolo, ena amati kolokolo. Kwathu ku Dwangwa ndi ana omwe amaidziwa. Masana imabisala m'miyala, usiku ndiye imatuluka kukadya, ndipo mukaigwira yamoyo imalira mokukuta. Asodzi saikonda kwenikweni chifukwa ikakodwa imatambasula mingayo, moti kuiwonjola mu ukonde kumadya nthawi, ndipo ambiri amangothyola mingayo. Imadyedwa ndithu, maka ikawambidwa, kungoti mutu wake ndi fupa lokhalokha.

Yankho lachiwiri:
Ndikugwirizana ndi anzanga a ku Dwangwa. Pophunzira za nsomba ku Bunda tinkaitchula kuti Synodontis njassae, ndipo imapezeka m'Nyanja ya Malawi mokha, ngakhale ili ndi abale ake m'mitsinje ya Shire ndi Zambezi. Kawirikawiri sipitirira masentimita 20, choncho yanuyo si kamwana ayi. Mnyamata wanuyo sanasochere kwambiri, chifukwa nsomba za Doradidae nazo zimalira ndiponso zimatambasula minga, koma izo zili ndi mzere wa timafupa tosongoka m'nthiti, kuyambira kuseri kwa mutu mpaka kumchira. Yendetsani chala mosamala pambali pa nsombayo. Mukapeza kuti ndi posalala, nkhani ya ku Amazon ithere pomwepo. Kulira kuja sikuchokera kukamwa, koma kumachitika pamene tsinde la munga wa m'mbali likukhuzana ndi fupa lomwe mungawo unalumikizikako.

Yankho lachitatu:
Musaiwale dzanja la mwanayo. Alitsuke ndi sopo, kenako aliviike m'madzi otentha omwe angathe kuwapirira osapsa, chifukwa kutentha kumachepetsa ululu wa minga ya nsomba zoterezi. Ngati kutupako kukukula, kapena kachidutswa ka munga kanatsalira m'kati, apite kuchipatala, ndipo mukafunse za katemera wa kafumbata.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri nonsenu. Ndayendetsa chala m'nthiti mwa zonse zinayi ndipo ndi mosalala, moti mnyamata uja wavomera, ngakhale monyinyirika. Dzanja lija tamuviika ndipo akuti ululu wachepa, komabe mawa m'mawa ndimuperekeza kuchipatala. Mayi ake adula mingayo ndi pulayazi. A ku Dwangwa, kodi poiwamba mumaitumbula kaye ngati mlamba, kapena imapita pamoto yathunthu?