Mavalavu a labala ndi masensa a mpweya pa ngolo

Wa ku Luwinga:
Akuluakulu, ndili ndi ngolo ya matayala awiri yokokedwa ndi galimoto yomwe ndimanyamulira mahema popita kunyanja ku Nkhata Bay. Ndagula masensa opimira mpweya, omangirira kunsonga kwa valavu, koma mwezi watha valavu imodzi inang'ambika m'munsi tikutsika phiri, ndipo tayala linaphwa ana ali m'galimoto. Kodi vuto ndi masensawa?

Wa ku Katoto:
Pepani bambo ndi zomwe zinakuonekerani. Sensa ndi yopepuka m'dzanja, koma tayala likamazungulira mwaliwiro, kulemera kwakeko kumapinda valavu ya labala mobwerezabwereza mpaka imachita ming'alu pomwe yalowera m'limu, makamaka ngati ngoloyo imakhalitsa padzuwa. Valavu wamba ya labala, monga TR413, malire ake ndi 65 psi (psi ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya), pomwe matayala ena a ngolo amafuna mpweya woposa pamenepo. Ikitsani mavalavu achitsulo omanga ndi nati, kenako pakani thovu la sopo kuti muone ngati sakutuluka mpweya.

Mayi wa ku Chibavi:
Ndiwonjezepo kuti mpweya muziupima m'mawa matayala asanatenthe. Kuzizira kwa Mzuzu kuno mu June kumautsitsa, pafupifupi 1 psi kutentha kukatsika ndi madigiri 5 kapena 6 a Celsius, choncho sensa ikalira m'mamawa musafulumire kunena kuti yawonongeka.

Wa ku Luwinga:
Zikomo kwambiri. Loweruka ndikasinthitsa mavalavu onse, ndi ya tayala la sipeya lomwe.