Kodi kusintha pickup ya ku bridge kungathetse kulira kobaya m'makutu?

Wofunsa

Akuluakulu ndi anzanga oimba, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndili ndi gitala yamagetsi ya mtundu wa Stratocaster, yokhala ndi ma pickup atatu (tizipangizo totola kulira kwa nsambo) a single coil, kutanthauza a koyilo imodzi ya waya, ndipo ndaiimba kwa zaka zinayi tsopano. Pickup ya kukhosi ndimaikonda kwambiri chifukwa mawu ake ndi ofewa komanso ozama, koma ya kumunsi, pafupi ndi bridge (pamene nsambo zimagwirira pa thupi la gitala), imalira mopyapyala ndi mobaya m'makutu, makamaka ndikayatsa overdrive (yochititsa mawu kukhala aukali ndi okhakhala). Pamwamba pa zimenezi pamamveka kung'ung'udza kosalekeza, komwe kumakula kapena kuchepa ndikatembenuka pamene ndaima. Ndikuganiza zoikapo humbucker (pickup ya makoyilo awiri), koma ndisanawononge ndalama ndikufuna kudziwa ngati kusintha kumeneku kumamvekadi, kapena vuto lagona pa ampu (chokuzira mawu). Ndiponso, kodi ndi ntchito yoti ndingaigwire ndekha?

Wokonza magitala

Achimwene, kusintha kumamveka ndithu, ndipo chifukwa chake chimaoneka mukadziwa mmene pickup inapangidwira. Mkati mwake muli maginito ndi waya wa kopa wochepa ngati tsitsi, wokulungidwa maulendo pafupifupi 8,000 pa pickup ya Stratocaster. Nsambo yachitsulo ikamanjenjemera pamwamba pa maginitowo, mu waya mumabadwa mphamvu yamagetsi yochepa kwambiri, ndipo imeneyo ndiyo ampu imakulitsa. Waya akachuluka, mawu amakula ndi kulemera pakati, koma kuthwa kwa pamwamba kumachepa. Tsoka lake, waya yemweyo amatolanso phokoso la magetsi a m'nyumba, ndiye kung'ung'udza mukukunenako.

Humbucker inapangidwira vuto lenilenilo. Seth Lover wa ku kampani ya magitala ya Gibson anaikonza m'ma 1955, ndipo inayamba kuikidwa pa magitala a Les Paul mu 1957. Ili ndi makoyilo awiri oyang'ana mosiyana, kotero kuti phokoso lotoledwa ndi koyilo imodzi limafafanizidwa ndi la inzake, pomwe mawu a nsambo amaphatikizana. Zotsatira zake ndi mawu onenepa, osabaya, ogwirizana bwino ndi overdrive. Koma dziwani kuti kung'anima kuja kwa Stratocaster kudzachepa pa malo amenewo, ndipo ena akakusowa amadandaula.

Musanagule chilichonse, chonde yambani mwayesa zinthu ziwiri. Choyamba, kanikizani nsambo pa fret yomaliza (kachitsulo kopingasa ka pakhosi la gitala koyandikira kwambiri ma pickup) n'kuyeza mpata wa pakati pa nsambo ndi pickup, womwe uyenera kukhala pafupifupi mamilimita awiri kapena kuposerapo pang'ono. Pickup ikayandikira kwambiri imakuwa, ndipo maginito ake amatha kukoka nsambo mpaka mawu kumamveka ngati akugwedera. Chachiwiri, pa ma Stratocaster ambiri olumikizidwa mwachikale, pickup ya ku bridge sidutsa pa tone iliyonse (chozungulitsa chochepetsera kuthwa kwa mawu), ndiye kuthwa kwake konse kumapita ku ampu popanda chokuchepetsa. Kusuntha waya umodzi pa switch yosankhira ma pickup kumaipatsa tone yakeyake. Ndaona anthu ambiri akusiya maganizo ogula pickup atangochita zimenezi.

Woimba lead

Ndikugwirizana ndi bambo ayankha pamwambapa, koma ine ndinasintha ndipo sindidandaula, choncho ndifotokoze zimene ndinakumana nazo. Humbucker yokwanira imafuna bowo lalikulu, ndiye muyenera kuchotsa pickguard (pulasitiki imene ma pickup amamangidwapo) n'kuona ngati thabwa linagobedwa mokwanira. Langa linali lopanikiza, motero ndinasankha humbucker yaying'ono yolowa m'malo a single coil, ya mtundu wa Hot Rails wa Seymour Duncan.

Kuwotcherera sikunandivute, chifukwa ndinayamba ndajambula mawaya onse pa foni ndisanachotse ndi umodzi womwe. Chimene chinandisokoneza chinabwera nditamaliza. Pickup yatsopano payokha inkalira bwino kwambiri, koma nditaiphatikiza ndi yapakati, mawu anasanduka opyapyala ndi a m'mphuno, ngati wailesi yaing'ono, ndipo kuzama konse kunasowa. Ndinakhala usiku wonse ndikuganiza kuti ndaononga chinachake. Vuto linali lakuti makampani sagwiritsa ntchito mitundu yofanana ya mawaya, ndiye ma pickup awiriwo ankalimbana m'malo mothandizana. Nditasinthanitsa mawaya awiri a pickup yatsopanoyo, zonse zinakhala m'malo mwake. Choncho tsatirani chithunzi cha kampani imene yapanga pickup yanuyo, ndipo yesani malo onse asanu a switch musanamange zomangira zonse, pogogoda pang'ono pa pickup iliyonse ndi sikuludiraiva.

Wokonza magitala

Mwakumbutsa mfundo yofunika, ndipo ndiwonjezerepo nkhani ya ma pot (tizipangizo tozungulitsa ta volume ndi tone), yomwe ambiri amaiiwala. Stratocaster kawirikawiri imabwera ndi ma pot a 250k (ma ohm 250,000, muyeso wa mmene chinthu chimakanizira magetsi), omwe amameza pang'ono kuthwa kwa single coil, pomwe humbucker imayenda bwino ndi a 500k. Mukaika humbucker yamphamvu pa pot ya 250k, mawu akhoza kuda kuposa mmene mumayembekezera, koma mukasintha volume kukhala 500k, pickup yanu ya kukhosi imene mukuikondayo idzathwanso. Pamenepa mpofunika kusankha ndi makutu anu.

Musatengekenso kwambiri ndi manambala a ma ohm olembedwa pa bokosi la pickup. Single coil imawerenga pafupifupi 6k, humbucker yachikale pafupifupi 8k, ndipo zamphamvu zimafika 16k, koma nambala imeneyi imangonena za waya, siinena zonse za mawu. Maginito nawo ali ndi gawo lawo: Alnico II amapereka mawu ofewa, Alnico V ndi olimba ndi omveka bwino, pomwe a ceramic amakonda kukhala aukali. Kwa munthu amene akufuna kuti ma pickup atatu azimveka ngati a gitala imodzi, ine ndimalangiza humbucker ya mphamvu yapakati yokhala ndi mawaya anayi, kuti muthe kuzimitsa koyilo imodzi tsiku limene mwasowa mawu akale.

Wofunsa

Zikomo kwambiri, akuluakulu. Madzulo ano ndayeza mpata uja ndipo ndapeza kuti pickup ya ku bridge inali pafupi kukhudza nsambo. Nditaitsitsa, kubaya kuja kwachepa moti ndatha kuimba ndi overdrive kwa ola lathunthu osatopa makutu, ngakhale kung'ung'udza kudakalipo monga kale. Loweruka ndisuntha waya wa tone monga mwandilangizira, kenaka ndijambule mawu kuti ndifananitse ndi a lero. Ngati phokosolo lipitirize kundivuta, ndidzatsegula pickguard kuti ndione kukula kwa bowo, ndipo ndidzabweranso kudzafunsa za humbucker ya mawaya anayi ija.