Ma simultaneous equation amafunso amawu, ndikulakwitsa pati abale?

kadziwotche_x

Abale thandizeni mutu ukuwawa. Ma simultaneous equation akangondipatsa atalembedwa kale ndimasova bwinobwino, substitution kaya elimination zonse ndimazitha, koma likangobwera funso lamawu basi ndathedwa. Taonani ili:

Bambo amaposa mwana wake ndi zaka 24. Pakapita zaka 6, zaka za bamboyo zidzakhala katatu kuyerekeza ndi za mwanayo. Pezani zaka za aliyense panopa.

Ine ndalemba x bambo, y mwana

x − y = 24
x + 6 = 3y + 6

ndapeza mwana 12 bambo 36 ndipo nditabwezera mu ma equation onse awiri zikukwana ndendende, koma ansala yakumapeto kwa buku ikuti 6 ndi 30. Bukuli silinalakwitse ngati?? poti nthawi zina amalakwitsa ndithu

mai_masamu

Buku silinalakwe mwanawe kkk. Vuto lili pa equation yachiwiriyo, wasiya mabulaketi. Pakapita zaka 6 mwanayo adzakhala ndi y + 6, ndipo chimene akuchichulukitsa katatu ndi chonsecho, osati y yekha ayi. Ndiye umayenera kulemba

x + 6 = 3(y + 6)

Tsopano yoyamba ija ikutipatsa x = y + 24, ukalowetsa mu yachiwiri ukupeza y + 30 = 3y + 18, kusanja bwino 12 = 2y, y = 6, x = 30. Pakapita zaka 6 bambo 36 mwana 12, ndipo 12 katatu ndi 36, zatheka.

Koma chimene ndikufuna umve kwambiri ndi ichi, wanena kuti unabwezera mu ma equation zikukwana. Zikanalephera bwanji kukwana poti equation yolakwikayo unailemba ndiwe wemwe? Ansala imagwirizana nthawi zonse ndi equation imene yaibereka, kaya equation yo ndi yabodza. Poyesa ansala bwerera ku mawu a funsolo. Ukanatenga 36 ndi 12 wakoyo nkuwonjezera 6 ukanapeza 42 ndi 18, ndiye 18 katatu ndi 54 osati 42, pomwepo ukanadziwa kuti pena pake pavuta.

Ndipo taona chinachake, mu x + 6 = 3y + 6 ma 6 awiriwo amangodyana nkutsala x = 3y, kutanthauza kuti iwe unasova funso lina loti bambo ali kale katatu lero lino. Nchifukwa chake manambala ako anatuluka okongola osakayikitsa, ndi zaka zawo zam'tsogolozo.

kadziwotche_x

Eeeh mabulaketi okha?? Zikomo kwambiri mayi, ndaona. Koma nanga ndingadziwe bwanji poyambira pamafunso ena, chifukwa lililonse limabwera ndi nkhani yakeyake

wa_benchi_yakumbuyo

Aise ine chimene chinandithandiza ndi kusiya kulemba "x = bambo". Bambo si nambala. Lemba chiganizo chonse, x ndi zaka za bambo panopa, y ndi zaka za mwana panopa, mawu oti panopa wo ndi amene amakukumbutsa kuti ukafika pa "pakapita zaka 6" aliyense akuyenera kulandira 6 wake. Zimaoneka ngati kutaya nthawi koma malikisi ambiri amathera pomwepa.

Kenako funa mfundo ziwiri zosiyana mu nkhanimo, poti zosadziwika zikakhala ziwiri ma equation akhalenso awiri. Pali funso lakalekale la ku China, lazaka zoposa 1,500, la mbalame ndi akalulu mu khola limodzi, mitu 35 miyendo 94. Titi m ndi chiwerengero cha mbalame, k ndi cha akalulu. Mfundo yoyamba ndi mitu, m + k = 35. Yachiwiri ndi miyendo, ndipo apa funso silikuuza kuti mbalame ili ndi miyendo iwiri kalulu inayi, ukuyenera kubwera nazo wekha, 2m + 4k = 94. Chulukitsa yoyamba ndi 2 upeza 2m + 2k = 70, chotsera, 2k = 24, akalulu 12 mbalame 23.

Chimene ndimalikondera funsoli nchoti limakuonetsa chimene elimination ikuchita kwenikweni. Tangoganiza kuti akalulu onse aimirira ndi miyendo yakumbuyo, pansi patsala miyendo iwiri pa mutu uliwonse, 70. Miyendo 24 yasowayo ili m'mwamba, iwiri pa kalulu aliyense, ndiye akalulu alipo 12. Ndi masamu omwewo opanda x ndi y. Njira ya elimination imeneyi ku yunivesite amaitchula ndi dzina la katswiri wa masamu Gauss koma a ku China ankaigwiritsa ntchito kalekale iye asanabadwe, izi nzongocheza sizibwera pamayeso kkk

chidule99

Ine ndisiyane nanu pang'ono achimwene, zoyerekeza akalulu ataimirirazo nzabwino pomvetsa koma pamayeso wochonga amafuna aone ma equation awiri ndi njira, ukangolemba 12 ndi 23 malikisi anjira wataya.

Ndiwonjezere misampha iwiri imene ndimaiona kawirikawiri. Woyamba ndi kutembenuza. Akati anyamata ndi ochuluka kawiri kuposa atsikana anthu ambiri amathamangira 2a = t chifukwa akutsata mmene mawu abwerera, pamene zoona ndi a = 2t. Ukakayika yesa ndi nambala yaing'ono, atsikana akhale 5 anyamata 10, ndi iti ikukwana? Sipatha ndi mphindi yomwe.

Wachiwiri ndi mafunso a nambala yamadijiti awiri aja. Mwachitsanzo madijiti ake ukawaphatikiza akupanga 9, ukawasinthanitsa malo nambalayo ikukula ndi 27. Dijiti yoyamba ikakhala a yachiwiri b, nambalayo si ab ngati kuchulukitsa ayi, ndi 10a + b, yotembenuzayo ndi 10b + a. Ndiye (10b + a) − (10a + b) = 27, zikupereka 9b − 9a = 27, gawa ndi 9, b − a = 3. Phatikiza ndi a + b = 9 upeza 2b = 12, b = 6, a = 3. Ndipo ansala ndi 36, osalemba a = 3, b = 6 nkusiyira pomwepo poti anafunsa nambala. Samalaninso mainasi wa kutsogolo kwa bulaketiyo, amakhudza zonse zili mkatimo osati choyamba chokha.

kadziwotche_x

Ndayesa lina usiku uno pamapeto zonse zadyana kwatsala 0 = 0, ndiye kuti chani pamenepa

mai_masamu

Ndiye kuti walemba mfundo imodzi kawiri, yangovala malaya ena. Monga x + y = 10 ndi 2x + 2y = 20, yachiwiriyo ndi yoyamba yomweyo yochulukitsidwa ndi 2, pa girafu ndi mzere umodzi wogonerana ndiye palibe malo amodzi oti uloze kuti ansala ndi apa. Kukanatsala zosatheka ngati 0 = 5 bwenzi ili mizere iwiri yoyenda limodzi osakumana, ansala palibe. Pa funso lamawu la kusukulu zikatero nthawi zambiri pali chiganizo chimene sunachigwiritse ntchito. Werenganso, dula mzere pansi pa chiganizo chilichonse chimene wachisandutsa kale equation, uone chatsala. Likakanikabe lilembe pano momwe liliri, usalifupikitse.