Kodi "meltdown" ndi kugwa kapena kusungunuka?

Nachisale wa ku Area 25:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mawu akuti meltdown achuluka m'manyuzipepala achingerezi, makamaka pankhani za chuma. Pawailesi omasulira ena amati "kugwa kwa chuma", ena "kulowa pansi", ena "kusokonekera". Komatu melt ndimadziwa kuti ndi kusungunuka. Nanga chuma chimasungunuka bwanji? Ndipo akusiyana pati ndi collapse kapena breakdown?

Mphunzitsi wopuma wa ku Zomba:
Mayi, simunalakwe, gwero lake ndi kusungunuka komweko. Kale Angerezi ankati melt down akamasungunula zitsulo, monga ndalama zasiliva kapena mabelu, kuti apangire zinthu zina. Panalibe tsoka lililonse pamenepo. Tsoka linalowa m'mawuwa atabwera magetsi a nyukiliya. M'kati mwa makina opangira magetsiwa mumakhala timitengo ta yureniyamu totentha koopsa, ndipo madzi amayenera kumazungulira usana ndi usiku kuti tisapse. Vuto ndi loti ngakhale muzimitse makinawo, kutentha sikutha nthawi yomweyo, monga mbaula imene mwaphulapo mphika koma makala akunyekabe. Madzi akangoleka kuyenda, timitengoto timasungunuka n'kuyamba kudya chitsulo chimene chinatisunga.

Zinachitika ku Three Mile Island ku Pennsylvania pa 28 Malichi 1979, kumene pafupifupi theka la timitengoto tinasungunuka. Ku Chernobyl, m'dziko la Ukraine, pa 26 Epulo 1986 makina anachita kuphulika. Koma amene amaonetsa bwino tanthauzo la mawuwa ndi Fukushima ku Japan. Pa 11 Malichi 2011 chivomezi chitachitika makina anazima okha monga anawapangira. Kenako madzi a m'nyanja anasefukira n'kumiza majenereta, mapampu a madzi anaima, ndipo makina atatu anasungunuka m'kati. Chimene chinawadya ndi moto wawo womwe. Apa ndiye pagona kusiyana. Khoma likagwa ndi mvula, imeneyo ndi collapse. Meltdown imayambira m'kati, ndipo ikayamba n'kovuta kuigwira.

Mwana wa ku Karonga:
Aphunzitsi, Fukushima imeneyo kwathu tinaimva kuwawa. Mtengo wa yureniyamu unatsika padziko lonse, ndipo mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera, umene unatsegulidwa mu 2009, unasiya kukumba mu 2014. Anthu ambiri ntchito inawathera pomwepo.

Malume a ku Mbare, Harare:
Mukufunsa kuti chuma chimasungunuka bwanji? Funsani ife amene makolo athu anabwera kuno kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mapulazi. Mu 2008 mtengo wa buledi wam'mawa sunali wamadzulo. Munthu ankalandira malipiro, pofika patsogolo pamzere kubanki ndalamayo sikugulanso kanthu. Mu Januwale 2009 kunatuluka pepala limodzi la madola 100 thiriliyoni a ku Zimbabwe, ndipo chaka chomwecho boma linalola kuti anthu azigula ndi madola a ku America ndi marandi. Ndalama yathu sinagwe ayi, chifukwa chogwa mumachitola. Inangotha m'manja uku tikuiona. Penshoni za madala amene anagwira ntchito moyo wawo wonse zinathera momwemo. Ine ndikawerenga meltdown ndimamva "kusungunuka", ndipo womasulira asachite nawo manyazi mawu amenewa.

Nachisale wa ku Area 25:
Pepani malume, zinali zowawa. Ndiye kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nayonso inali meltdown?

Mphunzitsi wopuma wa ku Zomba:
Ine ndikukana, ngakhale ndikudziwa kuti ena pano andinyoza. Zinatipweteka tonse, shuga ndi mafuta zinakwera, koma kwacha inakhalabe ndalama. Wogulitsa tomato pamsika ankailandira. Kumeneko ndi kutsika mphamvu. Atolankhani amakonda mawu aakulu chifukwa amagulitsa nyuzipepala, mpaka timu ya mpira ikagonja kawiri akuti meltdown. Pazachuma mawuwa amakhala bwino pa zimene zinachitika banki ya Lehman Brothers itagwa ku New York pa 15 Seputembala 2008. Mabanki anali atadzaza ngongole za nyumba zimene eni ake sakanatha kubweza, kunjaku akuoneka onenepa. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Imodzi itagwa, mabanki anayamba kuopana, analeka kubwereketsana, ndipo manthawo ndi amene anakoleza moto.

Makaniko wa ku Ndirande:
Breakdown musaivutikire, ndi yathu ya tsiku ndi tsiku. Galimoto yafa panjira, mwaitana bulekidauni kudzaikoka, tamanga, mawa ili pamsewu. Chinthu cha breakdown chimakonzeka. Injini ikatentha mpaka zitsulo kugwirana m'kati, pamenepo ndiye timauza mwini wake kuti abwana, madzi akatayika saoleka, kagulani ina.

Nesi wa ku Manchester:
Ndiwonjezeko limodzi, chifukwa kuno mawuwa amanenanso za anthu. Mukamva kuti mwana wachita meltdown, makamaka mwana amene ali ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza mmene munthu amamvera zinthu ndi kuchezera ndi anzake), si matama kapena kusowa mwambo. Phokoso, magetsi owala kapena chikhamu cha anthu zimamuchulukira mpaka amalephera kudzigwira, amalira, kukuwa kapena kudzigwetsa pansi. Wolira chifukwa mwamumana switi amasiya mukamupatsa. Uyu sasiya, ndipo kumukalipira kumangowonjezera. Chofunika n'kumuchotsa paphokosopo n'kumudikira.

Nachisale wa ku Area 25:
Ndiye pa mwanayo sitinganene kuti wasungunuka, anthu aseka.

Nesi wa ku Manchester:
Ayi achemwali, pamenepo mungoti zamukulira, kapena mutu wamuzungulira. Kusungunukako kusiyireni ndalama za malume a ku Mbare.