Corolla yanga ikumisa komanso ikutaya oilo, ndiyambire pati?

WaTaxi_Kapata:
Akuluakulu muli bwanji, ndithandizeniko nzeru. Ndili ndi Corolla NZE ya 2004, injini 1NZ, automatic, ndimachita nayo taxi kuchoka mtauni mu Chipata kupita ku Mwami pa boda. Manje yayamba kumisa (silinda ina kuphonya moto), makamaka m'mawa ndikangoliza injini imanjenjemera mpaka galasi la pakati kugwedezeka, ikatentha imakhalako bwino koma ndikanyamula anthu n'kufika pachitunda ndikaponda moto imadukizadukiza mphamvu palibe. Check engine nthawi zina imangoyaka, nthawi zina ikuphethira. Petulo ikumwa moti cashing sikukwana. China ndi oilo, pomwe ndimaimika usiku ndikumapeza madontho akuda pansi ndipo ukatsegula boneti kukumveka fungo la oilo wopsa. Pa rank wina akuti fuel pump, wina akuti injini yatha ndiyambe kufuna ina, wina akuti ma plug chabe. Mwambo wa Nc'wala wayandikira ndipo ma trip a ku Mtenguleni ndi amene timapezerako kangachepe, sindifuna motoka ikagone ku garaji. Masipanala ndili nawo pang'ono, oilo ndimasintha ndekha pakhomo. Ndiyambire pati?

MbuyaWaKuKitwe:
Kkkkk ambuya, mbewa mwazidya zaka zonsezi manje zayamba kubweza. Koma zoona yang'anani mawaya opita ku ma coil (oponya moto ku ma plug) ndi ma injector (othira petulo), ngati mumaimika pafupi ndi nkhokwe kapena matumba a chimanga makoswe amalowa mu boneti usiku kufuna kofunda n'kumatafuna mawaya. Mukazipeza musawotche, tikudziwani inu.

Makanika_Mchini:
Achimwene musagule kalikonse kaye, ndipo uyo wakuti injini yatha mumufunse kuti wayeza ndi chiyani. Mmene mwafotokozeramu ine ndikuona ngati mavuto awiriwo ndi limodzi. Pa 1NZ gasiketi ya tapeti kava (chivundikiro cha ma valve pamwamba pa injini) ikakalamba imauma gwa, oilo amatulukira kunja n'kutsikira kumbuyo pa ekizozi, ndilo fungo mukumvalo, komanso amalowa m'maenje momwe mumakhala ma plug. Coil ikakhala mu oilo mphira yake ya kumunsi imafufuma n'kung'ambika, moto m'malo mopita ku plug umathawira m'mbali, silinda imeneyo basi yagona.

Chitani chonchi. Injini ikhale yozizira. Chotsani chivundikiro cha pulasitiki chapamwamba, muona ma coil anayi ali pamzere, iliyonse yagwidwa ndi bawuti imodzi ya 10. Nambala 1 ndi ya mbali ya fan belt, kumene kuli dalaivala, n'kumawerenga kupita ku giyabokosi. Lizani injini ikhale pa idle (ikulira yokha osaponda moto), ndiye muzizula soketi ya waya ya coil imodzi imodzi n'kubwezera. Silinda yamoyo mukaizula injini imagwa pansi kufuna kuzima. Imene mukazula palibe chikusintha, imeneyo ndiye yodwala. Musakhalitse nayo yozula, masekondi ochepa chabe, ndipo timasoketi timeneti tikakalamba timathyoka msanga, dinani kaloko kake bwinobwino osakoka mawaya.

Mukaipeza zimitsani, tengani coil imeneyo muisinthanitse ndi ya silinda ina, tinene ya 2 ipite pa 4 ya 4 ibwere pa 2, lizaninso muyesenso. Vuto likasamuka kutsata coil, ndi coil, mwamaliza, mugula imodzi osati zinayi. Likakhala pompo sinthanitsani ma plug momwemonso. Likakanabe kusuntha ndiye tayamba kukamba za injector kapena compression. Injector mutha kuimvera ndi screwdriver yaitali, nsonga pa injector chogwirira pakhutu, yamoyo imalira kuti tiki tiki tiki mosadukiza. Compression yokha pamafunika geji, apo ndiye mubwere kwa ife kapena mubwereke.

Pozula coil muyang'ane m'dzenje ndi tochi ya foni. Mukaona oilo ali thapwi musamasule plug kaye, yambani mwamuchotsa ndi syringe kapena kansalu kokulunga pa screwdriver, apo ayi zonsezo ndi mchenga womwe zigwera mu silinda. Plug imamasulidwa ndi soketi ya 16 yaitali ija. Mukaitulutsa iwerengeni. Oilo ali pamwamba pa mbali yoyera ya plug ndiye wachokera ku tapeti kava, nkhani yaing'ono. Oilo ali kunsonga yolowa mu injini, yonyowa yakuda, apo ndi ma ring kapena ma valve seal ndipo nthawi zambiri kumbuyo kumatuluka utsi wa buluu. Yakuda youma ya mwaye ndiye kuti petulo akuchuluka kuposa mpweya, onani air cleaner ndi sensa ya mpweya ili pa paipi pompo. Ikakhala imodzi yoyera mbee kusiyana ndi zinzake ndipo madzi mu radiator akumachepa osaoneka kodonthera, khalani pansi, imeneyo ndi head gasket.

Za check engine yophethira musazitenge mopepuka. Ikamaphethira ndiye kuti petulo wosapsa akupita mu ekizozi ndipo akuwotcha catalytic converter (yoyeretsa utsi mu ekizozimo), chinthu chodula kuposa ma coil onse anayi. Musanyamule nayo anthu mpaka mutakonza. Mukapeza wa kamakina ka diagnosis, kakaonetsa code ya P0301 mpaka P0304 nambala yomalizayo ndiyo silinda, P0300 ndiye kuti ikumisa mosasankha. Kungoti timakina totchipa tija tina timakana kulankhula ndi motoka zakale za ex-Japan, ndiye njira ya manja ija ndi yodalirika.

MdalaWaKatete:
Mwana wanga ndikufunse, petulo ukuthira kuti? Inu a ku Mwami road mumakonda wa m'zigubu chifukwa mtengo watsikako, koma nyengo ino ya mvula mumakhala madzi ndi zinyalala, ena amasakaniza ndi parafini. Motoka ikamwa zimenezo imamisa ndithu. Uthire full pa filling station uone kaye. Za tapeti kava ife kale pa ma Hilux ndi ma Datsun timangopaka silikoni n'kumanga mabawuti mwamphamvu, kutha zaka osadontha.

Makanika_Mchini:
Amdala za petulo wa m'zigubu mwanena zoona, koma petulo woipa sasankha silinda, zonse zinayi zimadwala pamodzi ndipo kusinthanitsa ma coil sikusintha kanthu. Fuel pump chimodzimodzi, ikafooka motoka imasowa mphamvu pachitunda koma pa idle kawirikawiri imakhala phee. Ya achimwenewa ikunjenjemera ili chiimire. N'chifukwa chake ndikuti ayeze kaye.

Koma za silikoni pepani amdala ndikutsutsani ndi ulemu wonse. Injini zimene mukunenazo zinali zina. Iyi head yake ndi aluminiyamu, mabawuti a tapeti kava ndi ting'onoting'ono, amafuna pafupifupi 10 Nm basi, kungoti dzanja limodzi pa sipanala yaifupi. Mukakoka ngati mukumanga tayala bawuti imaduka kapena thread imatha, ntchito ya ola limodzi yasanduka ya masiku. Ndipo silikoni wambiri amafinyikira mkati, zidutswa zimagwera mu oilo n'kukatseka sefa ya mu sampu kapena kasefa ka VVT-i, ndazitsegula injini zotere tikupeza timichira ta silikoni tofiira tili ngundangunda pa strainer. Gulani gasiketi yatsopano ya mphira, muonetsetse kuti ili ndi zozungulira za maenje a ma plug. Pukutani malo okhala gasiketi ayere ndi kuuma, silikoni kadontho chabe pamalo awiri pomwe kava ya timing chain yakumana ndi head, mudzaona kamzere polumikizirapo. Mabawuti muyambe ndi zala onse, kenako kumanga pang'onopang'ono kuyambira pakati kupita kunja modumphadumpha.

Muli pompo zulani PCV valve, kotulutsira mpweya wa mu injini, kali pa tapeti kava pomwepo kolumikizidwa ndi kapaipi kopita ku manifold. Kagwedezeni pakhutu, kazilira kuti keche keche. Kakakhala chete katsekeka, mpweya wa mu injini ukusowa kotulukira ndiye umakankha oilo pa gasiketi ndi ma seal, mutha kuika gasiketi yatsopano mwezi usanathe yayambanso kunyowa. Anthu ambiri amakaiwala kameneka.

AmakeTiya:
Ine sindine makanika koma Spacio yanga ndimaiyang'anira ndekha. Abambo musathamangire kunena kuti madontho apansiwo ndi a tapeti kava okha. Oilo amatsika kuchoka pamwamba ndipo mukamayenda mphepo imamukankhira kumbuyo, ndiye pomwe wadonthera pansi si pomwe watulukira. Tsukani injini ndi degreaser kapena parafini pa kabulashi, ipukuteni iume, osapita nayo ku car wash kuti akaithire madzi a pressure chifukwa madziwo akalowa m'ma coil mubwerako ikumisa kuposa poyamba. Kenako wazani powder wa ana pamalo mukukayikira, yendani pang'ono mubwere muyang'ane ndi tochi, kanjira ka oilo kamaoneka bwinobwino pa powder ndipo mukatsate mpaka pamwamba pomwe kayambira. Usiku yalani katoni pansi. Wakuda ndi wa injini, wofiirira woterera ndi wa giyabokosi, wofiira koma wamadzimadzi ndi coolant.

Poti mumasintha oilo nokha onaninso washa ya sump plug (bawuti yotsitsira oilo), ambiri timabwezera yomweyo mpaka kuphwatalala, ndi oil filter, nthawi zina mphira ya filter yakale imatsalira pa injini inu n'kumanga yatsopano pamwamba pake. Kalinso ka oil pressure switch, yanga inkadontha pamenepo, kanthu kotchipa koma kanadetsa injini yonse. Ndipo mpaka mutakonza muzipima dipstick m'mawa uliwonse motoka ili pamalo oyalana, injini imeneyi imalowa malita osakwana 4, ilibe wambiri woti izitaya.

WaTaxi_Kapata:
Zikomo nonse, ndabwera ndi report. Ambuya mawaya ali bwinobwino, mbewa zathu zili ndi ulemu. Yodwala inali nambala 3, kuzula soketi palibe chosintha. Nditatulutsa coil inatuluka ikudontha oilo mpaka theka, mphira yake yafufuma ndipo m'mbali muli kamzere koyererako ngati kopsa. Mu 2 munalinso oilo koma pang'ono. Ndinapukuta n'kuipititsa pa 1, vuto lasamukira pa 1. Ma plug kunsonga ndi ouma ofiirira koma atha, mpata wakula kwambiri. PCV inali chete ndaitsuka yayamba kulira. Gasiketi ndaipeza ku Down Shops ndimanga mawa m'mawa injini ili yozizira. Manje funso, coil ndigule yatsopano ya m'bokosi yotchipa ija kapena ya second hand ya Denso yochotsa pa injini za ex-Japan? Nanga ma plug ndi ati, poti akundionetsa a iridium pamtengo wokayikitsa.

Makanika_Mchini:
Tengani Denso ya second hand, koma pitani ndi motoka mukaiyese pompo musanalipire, ndipo pitani ndi yakaleyo mufananize nambala yolembedwa pamwamba. Za m'bokosi zopanda dzina zija zina zimafa zikangotentha. Ma plug sinthani onse anayi, Denso K16R-U11 wamba amakwana pa 1NZ, mpata wake ndi 1.1 mm, iridium wamtengo wa plug wamba ndi feki musiyeni. Mpata ukakula coil imavutika kuponya moto, ndiye mukasiya akalewo mupha inanso. Polowetsa plug yambani ndi dzanja, extension yokha popanda ratchet, ikalimba isanalowe bwererani mwaphonya thread. Mphira ya coil ya nambala 2 muipukute bwino muione ngati sinang'ambike. Mukamanga zonse yendani mpaka ku Mwami n'kubwerera, ndiye muchite za powder zija anena amake Tiya, pakakhalabe ponyowa kumunsi pakati pa injini ndi giyabokosi mundiuze chifukwa seal ya pamenepo njofuna kutsitsa giyabokosi ndipo si ya pakhomo.