Ndinavulala pa ntchito, akufuna lipoti la dokotala koma ya sikani ndilibe

Mbewe wa ku Ndirande:
Abale, ndigaireni nzeru. Ndinkanyamula matumba pa weyahausi ina ku Makata. Mulu wa feteleza unandigumukira pamsana, ndipo pano mwendo wamanzere umangochita dzanzi, ngakhale ndowa ya madzi sindingatukule. Abwana akuti chipukuta misozi sichingatuluke popanda lipoti la dokotala. Kuchipatala cha boma anandijambula X-ray, koma akuti vuto la mitsempha silionekapo, pakufunika sikani ya MRI, yomwe imaonetsa mitsempha, ndipo odikira ndi ambiri. Ku pulayiveti mtengo wake ndinangoumva n'kutuluka. Pakhomo tikudalira mandasi a mayi akunyumba. Ndikatenge katapila kodi?

Nachisale:
Katapila ayi, achimwene, mudzalira kawiri. Lamulo la Workers' Compensation la 2000 limati munthu akavulala pa ntchito, ndalama zakuchipatala amalipira ndi womulemba ntchito. Ndiye sikaniyo ndi ngongole ya abwana anuwo. Komanso iwowo ndiwo amayenera kukanena za ngoziyo ku ofesi ya Labour. Kodi anakanena? Ndikukayika. Pitani nokha ku Labour mukafotokoze, akupatsani fomu yoti dokotala alembepo kuti mwalumala maperesenti angati, poti ndalama amawerengera pamenepo ndi pa malipiro anu. Musazengereze, dandaulo limafunika lilowe chaka chisanathe chichitikireni ngozi.

Bambo a Chisomo, Bangwe:
Kabuku kanu kakuchipatala mukasamale ngati ndalama. Mlamu wanga anaduka zala pa makina, chinamupulumutsa ndi tsamba loyamba lija pamene a kiliniko analemba deti ndi mawu oti wavulala ali pa ntchito. Bwana wake ankati anavulalira kumowa! Nthawi iliyonse mwendo ukavuta pitani ku health centre, ngakhale akangokupatsani Panado, bola alembe ndi kudinda. Kabuku kakakhala mbee miyezi yambiri amati munachira. Chitani fotokope masamba onse, ndipo kabukuko musakasiye mu ofesi ya munthu. Manambala a anzanu amene anaona matumba akugwa muwasungenso, ena amasiya ntchito n'kusowa.

Mbewe wa ku Ndirande:
Zikomo kwambiri. Tsamba loyambalo lilipo, analemba bwinobwino. Nanga Mtukula Pakhomo sangandiikemo?

Nachisale:
Umenewo musaudalire kwenikweni. Salembetsa ndi kalata ya dokotala, amasankha okha mabanja osaukitsitsa omwe alibe wogwira ntchito. Funsani kaye ngati ankakudulani penshoni. Ngati ankadula, dokotala akatsimikiza kuti simungagwirenso ntchito mukhoza kutenga ndalama zanuzo msinkhu wopumira usanakwane. Abwana akakana za sikani, pitani ku Legal Aid Bureau, amathandiza anthu osowa ya loya. Za mafizo kafunseni ku Kachere, pafupi ndi Queens. Ndipo abwana akakuitanirani envelopu kuti musayine zithe, musasayine dokotala asanalembe maperesenti.